Chilangizo chimene tinachiiwala: pamene mai aleka kupita kumwezi

Werengani: Genesis 18:9-15, Marko 5:25-34, Tito 2:3-5



Mwana wamkazi akatha msinkhu timamuitanira alangizi. Akamalowa m'banja, alangizi amakhala naye pansi mpaka usiku. Akatenga pathupi poyamba amabweranso kudzamuuza za kavalidwe, za zakudya ndi za tsiku lochira. Nanga tsiku limene msambo uyamba kusokonezeka, kenaka n'kulekeratu, amabwera ndani? Palibe. Mai amene walangiza ana a eni ake ambirimbiri amalowa m'nyengo imeneyi yekha, ndipo amachita manyazi kufunsa chifukwa aliyense amamuyesa wodziwa zonse.

Mwina munawaonapo m'tchalitchi amai ena akudzikupiza ndi buku la nyimbo m'mwezi wa June, pamene tonse tadzikuta m'majuzi ndi zitenje ziwiriziwiri. Mwina ndinu nomwe. Mumadzidzimuka pakati pa usiku zovala zitanyoweratu, tulo n'kuthawa, pamene 4 koloko m'mawa muyenera kukhala muli pa Soweto kukaoda tomato. Masana mukalipira mdzukulu pa kanthu kachabechabe, kenaka mukhala pansi n'kumalira osadziwa chimene chikukulizani. Mumtima mumayamba kuwerenga adani. Kodi ndi uja tinakangana naye pa mpopi? Kodi ndi achibale a kuchimuna? Kapena ndi matenda aja? Phunziro lathu la lero ndi chilangizo cha nyengo imeneyi. Inu a zaka za m'ma 30 musatseke makutu, njira yake ndi yomweyi.

Chimene chikuchitika m'thupi

Baibulo silichita manyazi ndi nkhaniyi. Pa Genesis 18:11 tikuuzidwa poyera kuti Sara anali atakula ndipo za mwezi ndi mwezi zinali zitatha kale kwa iye. Palibe pamene panenedwa kuti linali temberero, kapena chilango, kapena kuti wina anamuchita chipongwe. Thupi la mkazi Mulungu analipatsa nthawi yoyamba ndi nthawi yoleka.

M'mimba mwa mkazi, mbali iyi ndi iyi ya chiberekero, muli tizigawo tiwiri tosunga mazira. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, sapanganso ena. Tizigawo tomweti ndi timene timatulutsa mahomoni, timadzi toyenda m'magazi n'kumauza thupi zochita. Aakulu ake ndi awiri, estrogen ndi progesterone. Mazira akamatha, mahomoniwa amachepa. Koma sachepa mwadongosolo ngati madzi otsika m'mgolo. Amachita ngati madzi a pa mpopi wa m'komboni: lero atuluka mwamphamvu, mawa angodontha, mkuja palibe, sabata ya mawa abweranso. N'chifukwa chake mwezi uno mupita kumwezi kawiri, kenaka papita miyezi itatu osaona kanthu, kenaka magazi abwera ambiri.

Nyengo ya kusokonezekaku achipatala amaitcha perimenopause. Kawirikawiri imayamba m'zaka za m'ma 40, ndipo imatenga zaka zingapo, kwa ambiri 4 kapena kuposerapo. Mukatha miyezi 12 yotsatizana osaona magazi, pamenepo ndiye amati mwaleka, ndipo dzina lake ndi menopause. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti akazi ambiri amafika pamenepa pakati pa zaka 45 ndi 55. Osuta fodya amafikapo msanga ndi chaka chimodzi kapena ziwiri.

Pali amai ena amene nkhani yao ndi yosiyana. Amene muli pa jekeseni wa kulera wa miyezi itatu mutha kukhala osasamba, koma kumeneko sikuleka, ndi mphamvu ya jekeseniyo. Amene anachotsedwa tizigawo ta mazira tonse tiwiri pa opaleshoni amalowa m'nyengoyi nthawi yomweyo, ngakhale ali ndi zaka 35. Ndipo mkazi mmodzi mwa akazi pafupifupi 100 amaleka yekha asanafike zaka 40. Wotereyu asangoti ndi mwayi. Mafupa ndi mtima wake zimafunikabe mahomoni aja kwa zaka zina zambiri, choncho apite akaonane ndi adokotala.

Kutentha kuja

Chizindikiro chimene chimaopsa ambiri ndi kutentha kobwera mwadzidzidzi. Kumayambira pa chifuwa, n'kukwera m'khosi mpaka kumaso, thukuta n'kuyamba kutsika, mtima n'kumagunda ngati mwathamanga. Pakapita mphindi ziwiri, zitatu kapena zisanu kumatha, ndipo nthawi zina mumayamba kunjenjemera ndi kuzizira. Chifukwa chake ndi ichi: mu ubongo muli kachigawo koyang'anira kutentha kwa thupi. Estrogen akachepa, kachigawoka kamadzidzimuka ndi kutentha kochepa chabe, n'kulamula thupi kuti litulutse thukuta ngati kuti muli pafupi ndi mbaula. Akazi pafupifupi atatu mwa anayi alionse amakumana nazo. Amene timagona m'nyumba za malata zopanda siling'i tikudziwa mmene usiku wa mu October umakhalira ngakhale kwa munthu wabwinobwino, ndiye taganizirani mai amene thupi lake layatsanso moto wakewake.

Kale ankati zimatha pa chaka chimodzi kapena ziwiri. Koma kafukufuku wina wa ku America wotchedwa SWAN, amene anatsatira akazi oposa 3,000 kwa zaka zambiri, anaonetsa mu 2015 kuti kwa amene kumawabwera pafupipafupi, kutenthaku kumatenga zaka zoposa 7, ndipo kwa akazi akuda a kumeneko pafupifupi zaka 10. Choncho mau akuti "ingopirirani, zitha posachedwa" si chilangizo chokwanira.

Zina zimene zimabwera ndi kusowa tulo, kupsa mtima msanga, nkhawa, kuiwalaiwala, kuphwanya kwa m'mfundo, kuuma kumusi ndi kukodza pafupipafupi. Si mai aliyense amene amaona zonsezi, ena amadutsa osamva kanthu. Za kuiwala ndinenepo pang'ono, chifukwa amai ena anasiya kutsogolera mapemphero poopa kuti vesi lidzawathawa pakati pa anthu. Kwa ambiri kuiwalaku n'kwa kanthawi, ndipo kusagona kumakukulitsa. Si misala. Koma ngati mtima wanu wakhala wolemera masabata ndi masabata, simukufuna kudya, kusamba kapena kuona anthu, kapena mukulakalaka imfa, nenani kwa anamwino. Kuteroko sikusowa chikhulupiriro, ndi matenda amene ali ndi chithandizo.

Si zonse zimene ziri za msinkhu

Apa ndiye pofunika kutchera khutu. Kale tinkalakwitsa ponena kuti zonse ndi ufiti. Tisalakwitsenso tsopano ponena kuti zonse ndi msinkhu.

Kuno ku Lusaka thukuta la usiku lili ndi mwini wake wina, ndiye chifuwa chachikulu cha TB. Ngati thukutalo likubwera pamodzi ndi kutsokomola kosatha, kuonda, kutentha thupi kokhalitsa kapena kusafuna chakudya, kaperekeni makhololo akapime. Kuyezetsa ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi zaulere. Kayezetseninso HIV, chifukwa imvi siziteteza munthu. Ngati munapita kumudzi posachedwa ndipo thupi likutentha, ganizirani malungo. Shuga, BP ndi matenda a chithokomiro nazonso zimabwera pa msinkhu womwewu, ndipo zina mwa zizindikiro zake zimafanana ndi zimene tatchula zija.

Koma chachikulu ndi magazi. Mukatha miyezi 12 osasamba, magazi alionse amene angatuluke pambuyo pake, ngakhale kadontho kamodzi pa chovala chamkati, ngakhale kamodzi kokha, ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala sabata yomweyo. Ndamvapo amai akuseka kuti, "Ine ndabwerera utsikana." Ena amati ndi magazi akale amene anatsalira, akungodziyeretsa. Ayi, amai anga. Msambo ukatha subwereranso. Nthawi zambiri chimene chachititsa chimakhala chaching'ono, monga kupyapyala kwa khungu la m'kati kapena kachotupa kosaopsa. Koma mwa akazi 10 otaya magazi motere, pafupifupi mmodzi amapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero, ndipo khansa imeneyi ikapezeka msanga ambiri amachira. Palinso khansa ya khomo la chiberekero, imene m'Zambia muno ndiyo imagwira akazi ambiri kuposa khansa ina iliyonse.

Inunso amene simunalekeretu muli ndi malire anu. Kusokonezeka kwa masiku n'kwa nyengoyi. Koma magazi odzaza nyanda kapena padi ola lililonse, magazi opitirira masiku 7, magazi apakati pa mwezi, magazi otuluka mukakhala pamodzi ndi abambo, kapena madzi onunkha ochokera kumusi, zimenezi si zongoyang'ana. Mwina ndi zotupa za m'chiberekero zimene amati ma fibroid, zomwe n'zofala kwambiri pakati pa ife akazi akuda ndipo zimatha munthu magazi mpaka kumachita chizungulire. Mwina ndi china. Wodziwa ndi amene wapima. Chimodzimodzinso chotupa cha m'bere.

Taonani mai uja wa pa Marko 5. Anataya magazi zaka 12. Mwa lamulo la pa Levitiko 15 anali wodetsedwa zaka zonsezo, kotero anaphunzira kubisala, ndipo ngakhale kwa Yesu anadzera kumbuyo kuti asaoneke. Yesu akanatha kumusiya apite mwakachetechete, poti anali atachira kale. Koma anaima, nafunafuna amene anamukhudza, mpaka maiyo anadza nanena zonse zimene zinamuchitikira anthu akumva. Pomwepo anamutcha mwana wake. Ambuye sananyansidwe ndi nkhani ya magazi a mkazi. Ife tikuibisiranji?

Ena amawerenga ndimeyi n'kunena kuti asing'anga anamulephera, choncho pemphero lokha ndi lokwanira. Koma kumbukirani kuti Luka, amene analembanso nkhani yomweyi, anali sing'anga (Akolose 4:14), ndipo mpingo wathu womwewu ndi umene uli ndi zipatala za Nyanje ndi Kamoto kum'mawa. Makolo athu m'chikhulupiriro sanaone mkangano pakati pa guwa ndi chipatala. Pempherani, ndipo pitani. Chimene tiyenera kuopa ndi kutha ndalama za chilimba pa mabotolo a zitsamba a m'misika ndi madzi odalitsidwa, magazi akungotuluka, miyezi ikupita.

Kuyambira mu 2006 Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe la CIDRZ unayamba kupima khomo la chiberekero m'makiliniki a boma a mu Lusaka, pogwiritsa ntchito viniga. Ambiri a inu munapimitsako. Dziwani ichi: mai akaleka kusamba, malo amene viniga amaonetsa aja amalowa m'kati, ndiye kupima kwa viniga sikuonanso bwino. Uzani anamwino zaka zanu ndi kuti munaleka, mufunse za njira yopima kachilombo ka HPV kapena ija amati Pap smear. Ndiponso kupima khomo sikuona za m'kati mwa chiberekero. Ngati mukutaya magazi, musakhutire ndi mau akuti khomo lili bwino. Pemphani akutumizeni kokaunika m'mimba ndi kwa adokotala a azimai.

Za m'nyumba

Pali chiphunzitso chimene ambiri tinachimva kwa agogo: kuti mai akaleka kusamba asakhalenso malo amodzi ndi mwamuna wake, chifukwa mbeu ya abambo idzaunjikana m'mimba popeza palibe magazi oitsuka, mimba n'kutupa. Agogo athu ankanena zimene iwonso anauzidwa, koma si zoona. Msambo sunali wotsuka mbeu ya abambo. Thupi limachotsa lokha, monga linkachitira masiku onse. Mimba imene imakula pa msinkhuwu kawirikawiri ndi mafuta, amene estrogen akachepa amakonda kukhala pamimba. Ikatupa mwachilendo, ndi kukhuta msanga kapena kupweteka, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala, osati ya abambo.

Chiphunzitso chimenechi chapasula mabanja. Mai asamukira kuchipinda cha adzukulu osanena chifukwa, bambo n'kuyamba kuyang'ana kunja, ndipo matenda amene banja linawapewa zaka 30 alowa m'nyumba pa ukalamba. Pa 1 Akorinto 7:3-5 Paulo sanaike malire a zaka. Komanso sananene kuti mkazi azingolumira mano akumva ululu. Ululuwo ndi weniweni: estrogen akachepa, khungu la njira ya amai limapyapyala ndi kuuma, ndipo limang'ambika msanga. Mosiyana ndi kutentha kuja, vuto ili silitha lokha, limakula ndi zaka. Choncho mankhwala oumitsa, zitsamba zoika kumusi ndi nsunko, zimene ena amalangizana, pa msinkhu uno zikungoonjezera zilonda, ndipo pa chilonda ndi pamene kachilombo kamalowera. M'mafamasi muli mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Vaseline musamuphatikize ndi kondomu, amaiboola. Adokotala athanso kukulemberani kirimu wa estrogen wopaka kumusi, amene mphamvu yake yolowa m'magazi ndi yochepa kwambiri. Abambo auzeni zimene zikuchitika. Ambiri a iwo sadziwa kanthu, amangoganiza kuti mwawatopa.

Ndipo musathamangire kusiya kulera. M'nyengo yosokonezeka ija dzira limatha kutuluka mwezi umene simukuyembekezera, ndipo alipo amai amene anabatiza mwana pamodzi ndi mdzukulu. Ngati mwaleka muli ndi zaka zoposa 50, pitirizani kulera chaka chimodzi kuchokera pa msambo womaliza. Ngati simunafike 50, zaka ziwiri. Funsaninso ngati njira imene muli nayo ikuyenerabe msinkhu wanu, makamaka mapiritsi ngati muli ndi BP.

Mukafika kuchipatala

Yambirani pa kiliniki yanu, kaya ndi ku Kalingalinga, Mtendere kapena George, kapena pa zipatala za ku Kanyama, Matero ndi Chawama. Pakafunika akatswiri adzakulemberani kalata yopita ku Women and Newborn Hospital ya ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Chipatala cha khansa, Cancer Diseases Hospital, chinatsegulidwa mu 2007, ndipo kutumizidwako si chiweruzo cha imfa.

Mzere umakhala wautali ndipo nthawi ya anamwino ndi yochepa. Mukalowa n'kungoti "thupi lonse likuwawa," mudzatuluka ndi Panadol. Nenani molunjika: ndili ndi zaka zakuti, msambo womaliza ndinauona mwezi wakuti, kutentha kumandibwera kangati pa tsiku, usiku ndimagona maola angati, ndimamwa mankhwala akutiakuti. Wopimayo akakhala mnyamata wa msinkhu wa mwana wanu, ndikudziwa kuti pakamwa pamalemera. Muli ndi ufulu wopempha namwino wamkazi, kapena kulowa ndi mnzanu. Ngati mwapitirira zaka 45 ndipo zizindikiro zili zoonekeratu, nthawi zambiri sipafunika kupima mahomoni m'magazi, choncho musataye ndalama pa zimenezo pokhapokha adokotala atanena.

Mankhwala amphamvu koposa pa kutentha ndi thukuta ndi obwezeretsa mahomoni, amene amawatcha HRT. Alipo akumwa, omata pa khungu ndi opaka. Mu 2002 kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative anaopsa dziko lonse ponena za khansa ya m'mawere ndi kuundana kwa magazi, ndipo akazi ambiri anawasiya. Pambuyo pake akatswiri ataunikanso anaona kuti akazi a m'kafukufukuyo ambiri anali okulirapo, pafupifupi zaka 63. Lero kumvana kwao n'kwakuti kwa mai wosafika zaka 60, kapena amene sipanapite zaka 10 chilekere, amene zizindikiro zikumusowetsa mtendere, ubwino wake nthawi zambiri umaposa kuopsa kwake. Kuopsako sikunathe, n'chifukwa chake si mankhwala ogula pa kantemba kapena opemphana. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, kuundana kwa magazi m'miyendo kapena matenda a chiwindi, ndi amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, sawayenera. Amene ali ndi chiberekero sapatsidwa estrogen yekha, amaphatikiza ndi progesterone kuti ateteze chiberekerocho. Kwa amene sangalandire HRT alipo mankhwala ena opanda mahomoni ochepetsa kutentha. Funsani.

Alongo athu amene muli pa ma ARV, ambiri a inu mwafika tsopano pa msinkhu umenewu, zimene m'zaka za m'ma 1990 sitinkaziyembekezera, ndipo tiyamike Mulungu. Kutentha kukayamba musaganize kuti mankhwala asiya kugwira ntchito, ndipo musawasiye. Kanene ku kiliniki yanu. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mapiritsi a calcium olimbitsa mafupa, ndi a ayironi oonjezera magazi, amatha kulepheretsa dolutegravir, amene ali m'piritsi lija la TLD, kulowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi m'mimba mulibe chakudya. Anamwino akuuzeni kamwedwe kake.

Zochita pakhomo ndi zochepa koma zimathandiza. Valani zopepuka za thonje zosanjikiza, zoti mutha kuvulako china. Ikani madzi akumwa ndi kansalu konyowa pafupi ndi pogona. Onani ngati tiyi wotentha, tsabola kapena mowa zimakuputirani kutentha. Mafupa amafooka msanga m'zaka zoyamba mutaleka, choncho kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka, nyemba, soya, bondwe ndi chibwabwa zisasowe, ndipo yendani pansi tsiku ndi tsiku. Mchere ndi shuga chepetsani, BP muzipimitsa.

Ntchito ya Chigwirizano

Pa Tito 2:3-5 ntchito yophunzitsa akazi aang'ono yapatsidwa kwa akazi aakulu, ndiye kuti kwa amai a msinkhu womwe tikukambawu. Paulo sanawaone ngati anthu otha ntchito. Koma mphunzitsi amene sagona usiku, amene akutaya magazi mobisa, sangaphunzitse nthawi yaitali. Ndipo m'makomboni mwathu tikudziwa dzina limene mai wokalamba, wokwiyakwiya ndi woyenda panja usiku chifukwa cha kutentha amapatsidwa msanga. Tisalole kuti dzina limenelo lichokere pakamwa pa mai wovala unifomu.

Kambiranani m'gulu lanu: ndi ziti zimene munauzidwa za kuleka kusamba, ndipo anakuuzani ndani? Alangizi a pa mpingo wanu angaonjezere bwanji chilangizo chimenechi pa zimene amaphunzitsa kale? Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi namwino kapena mzamba, wogwira ntchito kapena wopuma. Amai a kumpando amupemphe tsiku limodzi lodzayankha mafunso, azimai okhaokha, ndipo amanyazi alembe mafunso ao pa timapepala topanda maina. Tsiku la 18 October, limene dziko lonse limakumbukira nkhani imeneyi, lingakhale loyenera. Ngati pali mlongo amene wakunong'onezani za magazi, musangomuuza kuti mudzamupempherera. Pangani naye tsiku, mumuperekeze, mukakhale naye pa mzere.

Musanabalalike lero, aliyense amene wapitirira zaka 40 atsegule tsamba lomaliza la buku lake la nyimbo, alembepo ndi pensulo mwezi ndi chaka chimene anaona msambo womaliza. Ukabweranso, fufutani mulembe tsiku latsopano. Anamwino akadzafunsa, mudzatsegula pomwepo.